Kuzizira kolowera kumapazi

Inu amene muli kumudzi, nkhani ya leroyi mwina imveka ngati ya kutali, koma musasinthe siteshoni, kagawo kanu kali momwemu. Kwenikweni ndikulankhula ndi abale anga amene tili ku Mangalande kuno, m'mizinda ya kumpoto monga Leeds, Bradford, Sheffield ndi Manchester. Ndikudziwa kuti ena mukundimvera mutavala masokosi awiriawiri, hita ili chiyakire kuyambira m'mawa, kumutu kukutentha koma mapazi ali zii ngati mwaponda m'dambo mwezi wa June.

Gwero la vuto lanulo likhoza kukhala kunsi kwa mpando umene mwakhalapowo.

Nyumba zambiri za njerwa zofiira zimene zinandandalikana m'misewu ya kuno, khoma kugundana ndi khoma, zinamangidwa m'nthawi ya Mfumukazi Victoria kapena patangopita zaka zochepa, kuti muzikhala anthu ogwira ntchito m'mafakitale a nsalu ndi a zitsulo. Ku Leeds, nyumba zina zopatsana misana anapitiriza kuzimanga mpaka 1937. Zambiri mwa nyumbazi zili ndi chipinda chokumba pansi. Eni dziko amati cellar, aku America amati basement, ife pano tizingoti sela. Kale ankasungamo malasha. Wogulitsa ankafika ndi ngolo, n'kutsegula kachitseko ka chitsulo panja, n'kukhuthulira thumba lonse pansi. Ndiye mu December 1952 utsi wa malasha unakuta London kwa masiku angapo n'kupha anthu masauzande. Boma linakhazikitsa lamulo loteteza mpweya mu 1956, ndipo pang'onopang'ono malasha anatha m'nyumba. Sela inatsala yokha, ya mdima, ya chinyontho, moponyeramo masutikesi amene tinabwera nawo pa ndege ndi njinga zothyoka za ana.

Tsiku lina mukapeza mpata mudzatsikiremo usiku. Magetsi a pabalaza muwasiye oyaka, a m'selamo muzimitse, kenako muyang'ane kumwamba. Ine nditatero ndinaseka ndekha mumdimamo. Pabalaza pathu palibe kapeti, ndi matabwa chabe ndi kamkeka pakati, ndiye timizere ta kuwala tinali mbwee pamwamba panga, ngati mmene dzuwa limalowera m'nyumba ya malata akale obooka ndi misomali. Mayi a kunyumba akadutsa, mthunzi wawo ndinkauona ukuzimitsa timizereto kamodzikamodzi. Pakati pa banja langa ndi dzenje lozizira lija panali thabwa limodzi basi, lokhuthala pafupifupi masentimita 2, logonekedwa pa mitanda.

Chinanditsitsira kumeneko ndi bilu. Mu April 2022, malire a mtengo wa gasi ndi magetsi amene bungwe la Ofgem limaika anakwera ndi 54 peresenti nthawi imodzi. Pofika October boma linachita kulowererapo kuti banja wamba lizilipira pafupifupi mapaundi 2,500 pachaka, ndipo mtengo umenewo ndiye unali wochitiridwa chifundo. Madzulo ena mayi a kunyumba anaika kalata ya biluyo patebulo n'kunena kuti, "Bambo a ana, ndalama zonsezi tikuwothetsa ndani? Mwanayu akangokhala pansi pang'ono, mamina chuu." Ndinalibe yankho.

Pali mawu amene ambiri timawanena, akuti kutentha kumakwera m'mwamba, ndiye kuvutikiranji ndi pansi. Chimene chimakwera ndi mpweya wofunda. Kutentha pakokha kumalondola kumene kuli kozizira, kaya ndi kumwamba, kumbali kapena kunsi. Ndipo inu amene munakula mukusonkhezera moto pa balani ya fodya mukudziwa chimene chimachitika mpweya wotentha ukamatulukira pamwamba: wina wozizira umakokedwa kunsi kudzalowa m'malo mwake. Nyumba yosanja imachita chimodzimodzi. Mukayatsa hita, mpweya wofunda umakwera masitepe, n'kukathawira kudenga ndi m'mazenera a kumwamba, ndipo nyumbayo imayamwa mpweya wa m'sela kudzera m'mipata ya matabwa ija. Mukamawonjezera moto, ndi pamene nayonso ikuyamwa kwambiri. Akatswiri a zomangamanga amawerengera kuti kutentha kumene kumatayikira pansi kokha kumakwana gawo limodzi mwa magawo 10 a kutentha konse kotayika m'nyumba, pena kupitirirapo. Si gawo lalikulu poyerekeza ndi denga kapena makoma, koma ndi gawo limene limakhudza khungu lanu.

Mankhwala ake ndi kutseka kunsi kwa matabwawo ndi chinthu chimene m'mashopu a zomangira amachilemba kuti mineral wool. Ine ndimangoti thonje la miyala, chifukwa ndi mmene chilili. Ukachiona umayesa thonje lakuda lothinikizidwa, koma ndi mwala weniweni. Nzeru yake anthu anaionera pa mapiri ophulika. Ku Hawaii, mphepo ikaomba chiphalaphala cha moto chimene chikuthovoka m'phiri, imachikoka n'kukhala tiulusi ting'onoting'ono ngati tsitsi, ndipo eni kumeneko amatitcha tsitsi la Pele, dzina la mulungu wawo wamkazi wa mapiri a moto. Kufakitale amachita zomwezo mwadala. Amatenga mwala wakuda wotchedwa basalt, amausungunula pa madigiri pafupifupi 1,500, amauthira pa mawilo ozungulira mwaliwiro, mwalawo n'kumwazika ngati ulusi. Kenako amathiramo zomatira pang'ono, n'kuuthinikiza, n'kuudula m'zidutswa. Kampani ya ku Denmark ya Rockwool inayamba kupanga thonje lotere ku Hedehusene mu 1937, ndipo kuno ili ndi fakitale kufupi ndi Bridgend ku Wales. Lilinso ndi m'bale wake, thonje la galasi, lopangidwa ndi mchenga ndi mabotolo akale, lopepuka, limene kawirikawiri limabwera lokulungidwa ngati mphasa. Onse awiri amagwira ntchito. Koma pa ntchito yoyang'ana kumwamba ngati iyi, ine ndimakonda la miyala la zidutswa zolimba, chifukwa ukalikankhira pakati pa mitanda limadzigwira lokha. Lokulunga lija limakugwera kumaso usanatenge n'komwe sitepula.

Apa mumvetsetse, chifukwa zolakwa zambiri zimayambira pomwepa. Thonjeli silitenthetsa. Mulibe moto mmenemo. Chimene chimagwira ntchito ndi mpweya umene watsekeredwa pakati pa tiulusito, wosatha kuyenda. Mpweya wokhazikika sulola kutentha kudutsa msanga. Agogo athu ankazidziwa izi popanda buku: nyumba ya udzu imakhala yozizirira mu October ndipo imafunda mu June, pamene ya malata opanda siling'i imakuwotcha masana n'kukuzizira m'bandakucha. Udzu uli ndi mpweya m'kati mwake ndi pakati pake, lata lilibe. Thonje la miyala lokhuthala masentimita 10 limatchinga kutentha mofanana ndi khoma la njerwa lopitirira mita imodzi ndi theka. Ndiye mukalifinya kuti likwane pamalo opanikiza, mwatulutsa mpweya umene munagula. Mwatsala ndi mwala.

Wina afunsa kuti, bwanji osagula mabolodi a thovu louma aja, okhala ndi pepala lonyezimira, poti akuti amatchinga kuposa thonje? Zoona, pa kukhuthala kofanana amaposa. Koma mitanda ya nyumba ya zaka 120 si yowongoka. Ina inapindika, ina inatalikirana kuno n'kuyandikana uko. Bolodi lolimba limasiya mipata, pamene thonje limalowerera m'makhota onse. Chachiwiri, thonje limalola nthunzi kudutsa, matabwa n'kumauma. Chachitatu ndi moto. Thonje la miyala siliyaka, limapirira kutentha kopitirira madigiri 1,000. Amene tinali kuno pa 14 June 2017 sitingaiwale nyumba yosanja ya Grenfell ku London, mmene anthu 72 anathera. Zina mwa zimene zinathamangitsa moto uja zinali zokutira kunja kwa makoma zimene zinali zokhoza kuyaka, ndipo chakumapeto kwa 2018 England inaletsa zinthu zoyaka pa makoma a kunja a nyumba zogonamo zotalika kupitirira mamita 18. Yanu si nyumba yotalika choncho, ndikudziwa. Koma m'sela ndi mmene mumakhala mita ya magetsi, ya gasi, zitini za penti ndi makatoni, ndipo ana anu amagona pamwamba pa zonsezo.

Musanagule kanthu, tengani tochi ndi sikuludiraiva mukayendere mitanda yonse, makamaka kumapeto kumene yalowa m'khoma. Bayani. Thabwa lamoyo limakana. Likalowa ngati mukubaya chinangwa chophika, imani pomwepo, itanani mmisiri. Kuno chiswe si vuto, mdani wa matabwa ndi bowa wina amene amadya thabwa lonyowa mpaka kusanduka ufa, ndipo amayamba kusangalala chinyontho cha m'thabwa chikapitirira 20 peresenti. Kachipangizo koyezera chinyonthocho n'kotsika mtengo. Kuphimba thabwa lodwala ndi thonje n'chimodzimodzi kumanga bandeji pa chilonda cha mafinya. Komanso mukaona mapaipi akale okulungidwa ndi chinthu choyera chofumbutuka, kapena mabolodi otuwa akale okhomedwa kudengako, musakhudze. Akhoza kukhala asbestos, amene kuno analetsedwa kotheratu mu 1999, ndipo fumbi lake limapha patapita zaka zambiri. Zimenezo zili ndi eni ake oziyeza ndi kuzichotsa.

Ntchito yeniyeniyo siifuna sukulu, imafuna khosi lopirira. Zidutswa zambiri zimabwera za masentimita 40 kapena 60 m'lifupi, koma musakhulupirire kuti mitanda yanu ili choncho. Yezani mpata uliwonse paokha, kumayambiriro, pakati ndi kumapeto. Dulani thonjelo lokulirapo ndi sentimita imodzi kapena awiri kuti lilowe mothina. Mpeni wa mano wodulira buledi umadula bwino zedi, kungoti mugule wanu. Ine ndinatenga wa kukhitchini, ndipo mlandu wake sunathebe mpaka lero. Likankhireni m'mwamba mpaka likhudze matabwa. Mukasiya mpata pakati pa thonje ndi thabwa, mphepo yozizira ipeza njira n'kumayenda mmenemo, ndipo mwagwira ntchito ya bule. Zidutswa zigundane bwinobwino. Kampata kakang'ono ka pakati pa khoma ndi mtanda woyamba, kamene dzanja limalowa movutikira, musakalumphe, chifukwa ndi kumene kumachokera kamphepo kamene kamakulumani akakolo mukakhala pa sofa ya kukhoma. Mukatha, kokani ukonde wa pulasitiki kunsi kwa mitanda n'kuukhoma ndi sitepula, kapena khomani timatabwa topingasa, kuti zaka zikamapita thonjelo lisatsike.

Kuyabwa kwake nakonso ndikuchenjezeni. Amene munagwidwapo ndi chitedze kuthengo mukudziwa pang'ono chimene ndikunena. Tsiku loyamba ndinalowa ndi malaya a manja aafupi, poganiza kuti ndi ntchito ya ola limodzi. Usiku umenewo sindinagone. Valani ovolosi yotseka mpaka m'khosi, magolovesi, magalasi otchinga maso ndi masiki yeniyeni ya fumbi, yolembedwa FFP2 kapena FFP3. Mukatha yambani kusamba ndi madzi ozizira osakhula, ndipo zovalazo muzichape pazokha. Za matenda a khansa, bungwe la IARC limene limaunika nkhani zimenezi pansi pa WHO linachotsa thonje lotchingira nyumba pa mndandanda wa zinthu zokayikiridwa mu 2001. Komabe fumbi ndi fumbi, mapapo salifuna.

Zinthu ziwiri musachite. Mawaya a magetsi, makamaka akuluakulu opita ku kuka ndi ku shawa, musawakwirire m'thonje. Waya ukamagwira ntchito umafunda ndipo umafuna mpweya woti uuziziritse, ndiye muusiye kunsi, poonekera. Chinanso, musaphimbe kunsi kwa thonjelo ndi pepala la pulasitiki poganiza kuti mukukongoletsa. Onani botolo lochokera mu furiji mmene limachitira thukuta. Ife m'nyumba zathu timawiritsa nyemba maola atatu, timaphika nsima, timayanika zovala pa hita. Nthunzi imeneyo ina imatsikira pansi, ndipo ikakumana ndi pulasitiki yozizira imasanduka madzi, n'kukhala pomwepo pa mitanda yanu. Ngati mukufuna chophimba, pali nsalu yake yapadera imene imatchinga mphepo koma imalola nthunzi kudutsa.

Tsopano ndifike pa chimene ndabwerera, chimene sindinachiganizire mpaka chitandigwera. Kutentha kumene kunkatayikira pansi kuja sikunkangotayika. Kunkafunditsa sela. Tsiku limene mwatseka kudenga kwake, mwaitulutsa selayo m'nyumba. Mwaiuza kuti, iwe tsopano ndiwe wa panja. Iyamba kuzizira kuposa kale, ndipo chilichonse chimene chili mmenemo chizizira nayo limodzi.

Ine nditamaliza ntchito ndinatsala ndi zidutswa. Ndinaona njerwa ziwiri zamabowo kumunsi kwa khoma, mphepo ikulowa kuti fyuu, ndiye ndinati nazonso nditseke. Ndinatsindiramo thonje mpaka lina kutulukira panja. Patapita masiku awiri, mkulu wina woyandikana nafe nyumba, kalipentala wopuma pantchito, anagogoda pakhomo atatsina kachidutswa ka thonje m'zala.

"Aneba, mukufuna nyumbayi iwole?"

"Ayi bambo, ndimatseka mphepo."

"Mphepo imeneyo ndi imene yasunga mitanda yanu zaka zoposa 100. Tsekani pamwamba, kunsi musiye kupume. Kachotseni lero lomwe."

Ndinachotsa, manyazi ali tho. Mkuluyo ankanena zoona. Mabowo amenewo anawaika dala kuti mpweya uzidutsa kunsi kwa nyumba n'kumachotsa chinyontho. Ndipo sela ikazizira kwambiri ndi pamene ikuwafuna koposa.

Koma phunziro lachiwiri palibe amene anandigogodera. Mu December 2022 kunazizira koopsa kwa masiku opitirira sabata, kenako kunafunda mwadzidzidzi. Paipi yathu ya madzi ozizira imadutsa pafupi ndi kachitseko ka malasha kaja. Zaka zonse m'mbuyomo inkapulumuka chifukwa cha kutentha kodontha kuchokera pabalaza, ndipo ine ndinali nditangoilanda bulangete lakelo. M'mawa wina mpopi unangoti phwii, osatulutsa kanthu. Madzi akaundana amafufuma ndi pafupifupi 9 peresenti, ndipo paipi ya kopa siitanuka. Tsiku limene kunafunda, ndinamva phokoso ngati la mvula kunsi kwa nyumba. Ndinatsika masitepe ndi tochi kukamwa, n'kuponda m'madzi ofika m'kakolo, ozizira ngati akudula mafupa, ndikufufuza pamene pali chotsekera madzi a nyumba yonse. Masutikesi aja anali akuyandama. Ndalama imene ndinalipira pulambala inadya zonse zimene ndinkati ndapulumutsa chaka chimenecho. Akuluakulu anati walira mvula walira matope, ndipo matope anga anali amenewo.

Chonsecho chopewera chake chinali chotchipa kuposa zonse zimene ndinagula: timapaipi ta thovu tong'ambika mbali imodzi, timene umangoveka pa paipi ngati sokosi n'kumata ndi tepi, osaiwala m'makona. Paipi imene ikuyenda pakati pa mitanda, ndi bwino thonje lidutse kunsi kwake kuti iyo itsale mbali yofunda. Ndipo lero lomwe, kaya mutseka sela kaya ayi, pitani mukaone pamene pali chotsekera madzi chanu, muwaonetsenso mayi ndi ana okulirapo.

Ngati boyila yanu ili m'sela, musatseke bowo lililonse kapena kuyandikiza thonje ku paipi ya utsi musanafunse mmisiri wa gasi wolembetsedwa ku Gas Safe, ndipo muike alamu ya mpweya wakupha uja wa carbon monoxide, umene ulibe fungo. Ngatinso selayo mumaigwiritsa ntchito ngati chipinda, mwina mumasokeramo kapena ana amawerengeramo, ndiye kuti ntchito yonse ndafotokozayi si yanu. Inu mukufunika kutchinga makoma ndi pansi pake, kuti selayo ilowe m'nyumba, ndipo imeneyo ndi ntchito ina, yodula, yofuna akatswiri a chinyontho. Apa ndinenepo pang'ono za chizolowezi chogoneka mlendo wongofika kumene m'sela ya khomo limodzi, yopanda zenera lothawirapo. Tikudziwa lendi ndi yowawa, koma moto ukabuka pa masitepe munthu ameneyo atulukira kuti?

Ambiri a ife tili m'nyumba za lendi. Musakhome kanthu eni nyumba asanavomere, ndipo chilolezocho chikhale cholembedwa. Koma musaope kupempha. Kuyambira April 2020, nyumba za lendi ku England ndi Wales zimayenera kufika pa giredi E pa chikalata cha EPC, chimene chimasonyeza mmene nyumba imasungira kutentha, kupatula zimene zinapatsidwa chilolezo chapadera. Funsani chikalatacho muone chimene chinalembedwa pa nkhani ya pansi.

Inu a kumudzi, kagawo kanu ndi aka. Thonje lomweli, likayalidwa pamwamba pa siling'i kunsi kwa malata, limagwira ntchito yomweyo chozondoka: limatchinga ng'anjo ya October ya ku Nsanje kapena Salima kuti isatsikire pabedi panu, ndipo ku Dedza ndi ku Mzuzu limasunga kafundidwe usiku wa July. Amene mukumanga ndi ndalama zotumiza kuchokera kunja, muwafunse amisiri anu za pamwamba pa siling'i asanakhome bolodi lomaliza, chifukwa pambuyo pake kukwawa mmenemo masana n'chilango.

Kwathu kuno pabalaza panasintha. Mwana uja amakhala pansi n'kumasewera mpaka kugona pomwepo, hita tinaitsitsako, ndipo phokoso la makina ochapira amene ali m'sela silimvekanso kwambiri. Kwatsala chitseko cha pamwamba pa masitepe opita kunsiko. N'chopyapyala, chili ndi mpata kunsi woti chala n'kulowa, ndipo popeza sela tsopano ikuzizira kuposa kale, kamphepo kake kamafika mpaka kukhitchini. Labala womata m'mbali mwake ndinagula kale, ali m'kabati. Mayi a kunyumba andipatsa mpaka Loweruka.